Timibulu ta m'botolo tikufoola mafuta oteteza khungu kunyanja

Amene anakhalapo ku Mangochi mwezi wa Okutobala amadziwa kuti dzuwa la kumeneko silicheza. Pofika 9 koloko m'mawa mchenga wa m'mbali mwa nyanja umakhala utayamba kale kuwotcha mapazi, ndipo masana kutentha kumadutsa madigiri 35 kawirikawiri. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, m'kagolosale ka ku Monkey Bay kapena m'minibasi yodikira kudzaza pa depoti, kumatentha koposa apo. Koma boma lomweli mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, usiku umazizira mpaka anthu kutulutsa mabulangete, makamaka kumtunda kwa Namwera. Thupi la munthu limazolowera kusinthasintha kotereku. Mafuta odzola a m'botolo sazolowera.

Tsegulani botolo lomwe lakhalitsa pa shelefu, tengani pang'ono n'kutikita pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Nthawi zina mumamva tinthu tokhakhala, tovuta kuona ndi maso. Ambiri amati mafutawo alowa fumbi, ena amati agula achinyengo. Kawirikawiri si fumbi ayi. Ndi zinthu zomwe zinaikidwa dala m'mafutamo, zimene zatuluka mmene zinasungunukira n'kubwerera kukhala timibulu touma monga zinalili zisanasakanizidwe. Kwa mayi amene amadzola kuti khungu lisalale, ndi ndalama zake zimene zapita. Kwa mwana wa khungu lachialubino wa ku Makanjira, amene mafuta ake ndi oteteza ku dzuwa, nkhaniyi ikukhudza moyo.

Dzuwa limapha mwakachetechete

Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu 134,636 a khungu lachialubino. Dziko linamva kwambiri za anthuwa chifukwa cha kubedwa ndi kuphedwa kwawo, komwe kunakula kuyambira chakumapeto kwa 2014, mpaka katswiri wa United Nations, Ikponwosa Ero, anabwera kudzadzionera yekha mu Epulo 2016. Nkhanza zimenezo sitiyenera kuziiwala. Koma madokotala a khungu akhala akunena kwa nthawi yaitali kuti khansa ya pakhungu imatenga anthu achialubino ambiri kuposa zigawenga, ndipo imawatenga akadali pa msinkhu wolera ana.

Khungu lawo lilibe melanin wokwanira, chinthu chomwe chimadetsa khungu la ambiri a ife n'kumeza cheza choopsa cha dzuwa chisanalowe mkati. Popanda chitetezo chimenechi khungu limafiira, limapsa, limakhuthala. Pakapita zaka pamatuluka timabala touma tokhakhala m'makutu, pakhosi, pamilomo ndi kunja kwa manja, ndipo tina mwa timabalati timasanduka khansa. Mwana amene wayamba kupsa ali kumsana kwa amayi ake amafika zaka 20 khungu litaonongeka kale.

Ku Mangochi ntchito zambiri n'zapadzuwa. Usodzi, kuyanika usipa pa thandala, kulima, kupalasa kabaza, kugulitsa malonda m'mbali mwa msewu, ngakhale ulendo wa mwana wopita kusukulu, zonsezi zimachitika pamtetete. Kunyanja cheza chimabwera mbali ziwiri: chochokera kumwamba, ndi china chimene madzi ndi mchenga zimabweza. Chipewa chachikulu chimatchinga chakumwambacho, koma chochokera pansi chimafika pachibwano ndi pakhosi. Pamenepo mpamene mafuta oteteza ku dzuwa amagwira ntchito imene chovala sichingagwire.

Bungwe la Association of Persons with Albinism in Malawi, APAM, lakhala likudandaula kuti mafutawa amasowa m'zipatala zakumudzi, ndipo kudandaulako n'koona. Bungwe la Standing Voice, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, limachititsa makiliniki a khungu m'maboma angapo kuphatikizapo Mangochi ndi Machinga, kumene anthu amapimidwa n'kulandira mafuta. Mu Sepitembala 2025, World Health Organization inaika mafuta oteteza ku dzuwa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira. Zonsezi zikuyankha funso loti botolo lifike. Funso limene sitilifunsa mokwanira n'lakuti botololo likafika, mafuta ali mkatimo akadali ndi mphamvu yomwe yalembedwa kunja kapena ayi.

Chimene chili m'kati mwa kirimu

Kirimu kapena loshoni ndi madzi ndi mafuta zokakamizidwa kukhalira limodzi. Wopanga amatenthetsa madzi padera, mafuta padera, kenako amazitakasa pamodzi mwamphamvu atathiramo mankhwala ogwirizanitsa ziwirizi, otchedwa emulsifier. Chotsatira chake ndi timadontho ta mafuta tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, kapena timadontho ta madzi tobisika m'mafuta. Mankhwala ogwira ntchito pakhungu amakhala mbali imodzi mwa ziwirizi. Amene amakonda madzi amasungunuka m'madzi, amene amakonda mafuta amasungunuka m'mafuta.

Zotchinga dzuwa zilipo za mitundu iwiri. Pali zaufa woyera monga zinc oxide ndi titanium dioxide, zomwe sizisungunuka m'madzi kapena m'mafuta. Zimangomwazidwa m'kirimu, ndipo vuto lake n'kugundana n'kupanga zibuluma. Pali zinanso zomwe zimayenera kusungunuka m'mafuta kuti zigwire ntchito. Zina mwa izi n'zamadzimadzi kale, monga octocrylene ndi homosalate. Koma zingapo zamphamvu kwambiri zimafika kwa wopanga zili ufa kapena timibulu touma. Avobenzone, yomwe imatchinga cheza cha UVA cholowa mkati mwa khungu, imasungunuka payokha pa madigiri oposa 80 pang'ono. Bemotrizinol nayo ili chapomwepo. Ethylhexyl triazone imafuna kutentha koposa madigiri 120. Malamulo a ku Ulaya amalola avobenzone kufika magawo 5 pa 100 alionse a kirimu, ethylhexyl triazone magawo 5, bemotrizinol magawo 10. Kuti apeze SPF 50, nambala yosonyeza mphamvu yoteteza ku dzuwa, wopanga amayenera kulowetsa ufa wochuluka chonchi m'mafuta ochepa, chifukwa kirimu akachulukitsa mafuta amanyansa kudzola, makamaka kotentha ngati kwathu kuno.

Vuto limayambira pamenepa. Mafuta alionse ali ndi malire a kuchuluka kwa ufa umene angasunge utasungunuka, ndipo malirewo amatsika mafutawo akamazizira. Mu poto wa wopanga, pa madigiri 80, zonse zimasungunuka mpaka mafuta kuwala mbee. Akazizira kufika madigiri 20, angathe kukhala atanyamula zochuluka kuposa zomwe angakwanitse. Sizituluka tsiku lomwelo. Zimatha kukhala chete milungu ngakhale miyezi, botolo n'kuchoka pafakitale likuoneka labwinobwino, mpaka tsiku lina kambewu kamodzi kapangika. Kakapangika, tizidutswa tina timamatirira pomwepo, kambulu n'kukula. Amene amasunga uchi amazidziwa izi: uchi weniweni umakhala wamadzimadzi miyezi yotentha, koma nyengo yozizira umayamba kuundana kuchokera pansi pa botolo, osati chifukwa wina anathiramo shuga, koma chifukwa shuga wa muuchimo ndi wochuluka kuposa amene madzi ake angasunge.

Kusiyana kwake n'kwakuti uchi woundana umakomabe. Mankhwala otchinga dzuwa akaundana mphamvu yake imatsika. Kuti ateteze, ayenera kufalikira mofanana pakhungu ponse, kachigawo kopyapyala kopanda mipata. Akasonkhana m'timibulu, malo apakati pa timibuluto amatsala osatetezedwa, ndipo cheza chimadutsa. Botolo limanenabe SPF 50, wodzola amakhulupirira kuti watetezeka, amakhalitsa padzuwa kuposa mmene akanachitira akanakhala kuti sanadzole kanthu. Mafuta ofooka amene munthu akuwadalira angamupweteke kuposa kusowa mafuta kumene akukudziwa.

Kutentha ndi kuzizira zikamasinthana

Ambiri angaganize kuti kutentha kwa ku Mangochi ndiye gwero la timibulu. Kutentha pakokha kumathandiza zinthu kusungunuka. Chimene chimabala timibulu n'kuzizira, ndipo chimene chimatikulitsa n'kusinthana kwa ziwirizi. Masana botolo likatentha, timibulu tating'ono kwambiri timasungunuka. Usiku likazizira, zosungunukazo sizibwerera mwakale; zimakamatira pa timibulu tokulirapo tomwe tinatsala. Tsiku lililonse tating'ono timachepa, tatikulu timanenepa, mpaka chala chimayamba kutimva. Botolo losiyidwa pawindo, m'galimoto kapena pansi pa denga lamalata limadutsa m'zimenezi tsiku ndi tsiku.

Kutentha kumaononga m'njira zake zina. Chivundikiro chikakhala chosatseka bwino, madzi ndi zina zouluka msanga zimachoka, kirimu amalimba, ndipo zouma zimayamba kuonekera pakamwa pa botolo. Zouma zimenezo zikagwera mkati zimakhala mbewu ya timibulu tina. Kutentha kukapitirira, mgwirizano wa madzi ndi mafuta umasweka, mafuta amayandama pamwamba, ndipo wodzola lero amatenga mbali yamphamvu, mawa mbali yopanda kanthu.

Makampani amayesa zinthu zawo m'kabati yotenthetsedwa kufika madigiri 40, n'cholinga chofulumizitsa ukalamba wa chinthucho kuti adziwe mmene chidzakhalire pakapita chaka kapena ziwiri. Kwa iwo madigiri 40 ndi chiyeso chowawa dala. Kwa mwini golosale wa ku Malindi kapena ku Nankumba, amenewo ndi masana wamba a mu Novembala m'kati mwa sitolo yake. Mabotolo ambiri amalembedwa kuti asungidwe pamalo osaposa madigiri 25 kapena 30. Ndi nyumba zingati m'mbali mwa nyanja ya Malombe zimene zili ndi malo otero miyezi yachilimwe? Onjezani ulendo wake: kuchokera kudoko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam m'kontena yachitsulo, kukhala m'nkhokwe, kukwera lole mpaka pa boma, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndiyeno msewu wautali wopita ku Makanjira. Kirimu wopangidwa poganizira shelefu yozizira ya m'mzinda wa ku Ulaya sanakonzekere ulendo umenewu.

Mmene opanga odziwa amapewera

Njira yoyamba n'kusankha mafuta oyenera, ndipo pano mpamene ambiri amaphonya. Si mafuta onse amene amasungunula mankhwala mofanana. Mafuta ochokera ku petulo, monga vaselini ndi mafuta oyera odzoza ana, ndi otchipa ndipo amasalalitsa khungu bwino, koma amalephera kusunga zotchinga dzuwa zoumazi. Zimene zimakwanitsa ndi mafuta ena opangidwa mwapadera, monga C12-15 alkyl benzoate, dibutyl adipate ndi caprylic/capric triglyceride, komanso zotchinga dzuwa zamadzimadzi zija, zomwe zimagwira ntchito ziwiri: kuteteza khungu ndi kusungunula zinzake zouma. Wopanga wanzeru sadalira mtundu umodzi. Amasakaniza iwiri kapena itatu, chifukwa mafuta amene amasunga bwino avobenzone sakhala omwewo amene amasunga bwino ethylhexyl triazone.

Pamenepa pali chenjezo kwa makolo. Mafuta a kuchipatala akamachepa, ena amawachulukitsa powasakaniza ndi vaselini kapena loshoni wamba kuti afike mwezi wotsatira. Cholinga chake n'chabwino, ndipo palibe angadzudzule mayi amene akuyesetsa kuti mwana wake asasowe chodzola. Koma kusakaniza kumaononga kawiri. Kumachepetsa mphamvu chifukwa mankhwala amwazikana m'zambiri, ndipo kumalowetsa mafuta amene sangathe kusunga mankhwalawo, kotero kuti angayambe kutuluka n'kuundana. Kuli bwino kudzola mafuta osasakaniza pamalo oonekera okha, nkhope, makutu, khosi ndi manja, kwinako kuphimba ndi zovala, kusiyana n'kudzola thupi lonse ndi osakaniza.

Njira yachiwiri n'kudziwa malire ndi kusawafika. Wopanga amayesa kuchuluka kwa ufa umene mafuta ake angasunge pa kuzizira kwambiri kumene botolo lidzakumane nako, osati pa kutentha kwa mu poto, ndipo amasiya mpata. Chiyeso chake n'chosavuta moti ngakhale kagulu kakang'ono kangachite. Amasungunula mankhwala m'mafuta okha, popanda madzi, n'kuthira m'kabotolo kagalasi koonekera. Kakazizira amaponyamo kambulu kamodzi ka mankhwala omwewo n'kukasiya milungu ingapo pamalo ozizira. Kambuluko kakasungunuka, mafutawo akadali ndi malo. Kakakula kapena kakabala tinzake, ndiye kuti anyamula zochuluka, ndipo kirimu wopangidwa nawo adzachita timibulu tsiku lina ngakhale lero akuoneka wosalala.

Kaphikidwe nako n'kofunika. Mbali ya mafuta iyenera kutenthetsedwa mpaka ufa wonse utasungunukiratu, osatsala ngakhale kamodzi m'mbali mwa poto kapena pa chotakasira. Kuthamanga pamenepa n'kubzala mbewu ya vuto. Madzi ayenera kukhala otentha mofanana ndi mafutawo pozisakaniza, chifukwa madzi ozizira amadzidzimutsa mafuta n'kutulutsa mankhwala nthawi yomweyo. Kenako kutakasa kumapitirira mpaka kirimu atazizira. Zonsezi zimafuna sikelo yoyeza magalamu ndi choyezera kutentha. Kuyeza ndi supuni kapena kuweruza kutentha ndi diso kumakwana pophika ndiwo, osati popanga chinthu chimene mwana adzachidalira padzuwa.

Kirimu akatha, amayesedwa. Mabotolo ena amaikidwa mufiriji pa madigiri 4 kapena 5, ena pamalo wamba, ena m'kabati ya madigiri 40, kwa miyezi itatu kapena kuposa. Enanso amasinthidwa dala, tsiku limodzi kozizira, tsiku lotsatira kotentha, kangapo konse. Pa nthawi zoikika amatenga kadontho n'kukaona pa maikulosikopu yokhala ndi magalasi awiri osefa kuwala. Pa magalasi amenewa kirimu wabwino amaoneka wakuda, koma timibulu timawala, tina tooneka ngati singano, tina tamakona. Maikulosikopu imationa kale chala chisanayambe kutimva. Chipangizo choterechi si chachilendo m'malabotale a m'masukulu athu aukachenjede, ndipo Kamuzu University of Health Sciences, yomwe imaphunzitsa akatswiri a zamankhwala ku Blantyre, ili ndi nthambi yake ku Mangochi komwe.

Phunziro la ku Moshi

Kuti mafuta oteteza ku dzuwa angapangidwe mu Africa muno, umboni ulipo. Ku Moshi, m'dziko la Tanzania, pa Regional Dermatology Training Centre ya chipatala cha Kilimanjaro Christian Medical Centre, katswiri wa zamankhwala wa ku Spain, Mafalda Soto, anatsogolera ntchito yopanga mafuta otchedwa Kilisun kuyambira cha m'ma 2012. Akatswiri a kampani ya BASF anathandiza kukonza kasakanizidwe kake kuti kagwirizane ndi khungu lachialubino ndi nyengo yotentha. Ena mwa ogwira ntchito pamalopo ndi anthu achialubino eni ake, ndipo mafutawo amagawidwa kwaulere kudzera m'makiliniki, kumene olandira amaphunzitsidwanso kadzoledwe. Pambuyo pake bungwe la Beyond Suncare, lomwe Soto ndi mmodzi mwa oliyambitsa, linafika ku Malawi ndi mafuta otchedwa Umozi Max.

Chimene tingatengepo ku Moshi si dzina la mafuta koma dongosolo la ntchito: anayamba ndi kasakanizidwe koyesedwa ndi akatswiri, kenako n'kuphunzitsa anthu a komweko kukatsatira mosaphonya. Nkhani yoti mafuta oteteza ku dzuwa azipangidwa m'dziko muno yakhala ikukambidwa kwa zaka, ndipo ine ndikuigwirizana nayo ndi mtima wonse, makamaka masiku ano pamene ndalama zakunja zikusowa ndipo chilichonse choitanitsa chimachedwa. Mafuta opangidwa pafupi amayenda ulendo waufupi, amafika akadali atsopano, ndipo wopanga angathe kuwakonza poganizira kutentha kwa ku Mangochi, ku Nsanje ndi ku Karonga. Koma kupanga konkuno kopanda kuyesa kungakhale kupereka kwa anthu osauka chinthu chimene olemera sangachilandire. Mphamvu ya SPF simaweruzidwa ndi maso kapena kuwerengetsa pa pepala. Imayesedwa m'labotale pa muyezo wa mamiligalamu 2 pa sikweya sentimita iliyonse ya khungu.

Amayi a malambe ndi phula

Vutoli silili kwa opanga mafuta a dzuwa okha. Mangochi ndi dziko la malambe, ndipo njere zake, zomwe kale zinkangotayidwa ufa ukachotsedwa, masiku ano zimafinyidwa mafuta amene amagulitsidwa mpaka kunja. Pali chammwamba, pali nsatsi zimene agogo athu ankadzola kalekale, pali phula la njuchi. Magulu a amayi ndi achinyamata amene aphunzira kupanga sopo ndi mafuta odzola akuchuluka, ndipo makasitomala awo ena ndi alendo a m'malo ogona a ku Cape Maclear ndi m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Ndi ntchito yoyenera kuilimbikitsa, ndipo dandaulo lodziwika la ogula zinthu zotere n'lomweli: mafuta anali osalala pogula, pano akukhakhala.

M'mafuta opanda madzi, opangidwa ndi phula, batala wa shea kapena mafuta a kokonati, chimene chimaundana kawirikawiri si mankhwala koma mafutawo eni ake. Ali ndi zigawo zimene zimauma pa kutentha kosiyana. Phula limasungunuka pa madigiri oposa 60 pang'ono, pamene mafuta a kokonati amauma kukangozizira kutsika madigiri 24. Osakanizawo akazizira pang'onopang'ono, zigawo zolimba zimayamba kuuma pazokha n'kupanga tinjere. Njira yothetsera vutoli n'kusungunula zonse bwinobwino kenako n'kuziziritsa msanga, pokhazika poto m'beseni la madzi ozizira uku akutakasa, kuti timibulu tipangike tambirimbiri koma tating'ono moti khungu silingatimve. Vuto n'lakuti mafuta oterewa akasungunuka pa benchi ya pamsika masana n'kuuma okha usiku, ntchito yonse ija yafafanizika. Wogulitsa kunyanja ayenera kuwonjezerako phula pang'ono kuti asasungunuke msanga, ndi kusunga katundu wake pamthunzi, m'bokosi, pafupi ndi pansi.

Ena amathira salicylic acid m'mafuta awo pofuna kuthana ndi ziphuphu kapena khungu lokhuthala. Ameneyu amasungunuka pang'ono chabe m'madzi ozizira, ndipo akatuluka amapanga timibulu tosongoka tomwe timakanda ndi kuwawa pakhungu. Mafuta a nsatsi amamusungunula bwino kuposa mafuta ambiri a zomera, chinthu chimene opanga akumudzi angachigwiritse ntchito. A kuchipatala ali ndi njira ina. M'mafuta akale ochiza chipere otchedwa Whitfield, omwe ali ndi magawo 6 a benzoic acid ndi magawo 3 a salicylic acid pa 100 alionse, mankhwalawo amaperedwa kukhala ufa wosalala kwambiri n'kumwazidwa m'mafuta mosafuna kuti asungunuke. Wopanga ayenera kusankha chimodzi: kusungunuliratu n'kusiya mpata, kapena kusasungunula n'komwe. Zoopsa zili pakati, pamene zinthu zimasungunuka mu poto n'kudzatuluka zokha m'botolo la kasitomala.

Pali chinthu chimodzi chimene opanga aang'ono sayenera kuchita ngakhale msika ukuitana: kulemba pa botolo kuti mafuta awo amateteza ku dzuwa pamene sanayesedwe. Mafuta a malambe, a chammwamba kapena a kokonati amafewetsa khungu, ndipo khungu lachialubino, lomwe limauma msanga, lingapindule nawo usiku. Koma chitetezo chawo ku cheza cha dzuwa n'chochepa kwambiri moti sichingadaliridwe. Kugula zinc oxide n'kumutakasa m'phula ndi supuni sikupanganso mafuta oteteza, chifukwa popanda makina omwaza bwino ufawo umagundana n'kusiya mipata.

Ntchito ya boma, ntchito ya pakhomo

Malawi Bureau of Standards ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi amene ali ndi udindo pa ubwino wa katundu ndi mankhwala. Pempho langa kwa iwo ndi kwa onse ogula mafuta a dzuwa m'malo mwa boma kapena mabungwe n'lakuti asakhutire ndi nambala ya SPF ndi tsiku lothera ntchito. Afunse umboni woti mafutawo anayesedwa pa kutentha ndi kuzizira kosinthana. Koposa apo, azitenga mabotolo kumapeto kwa ulendo, pa shelefu ya chipatala chaching'ono cha kumudzi pakatha chilimwe, n'kukawaona pa maikulosikopu. Botolo loyesedwa ku Blantyre litangotsika m'kontena silinena zoona za botolo lomwe lakhala miyezi isanu ndi umodzi ku Makanjira. Mafuta operekedwa mwachifundo ayesedwe chimodzimodzi, chifukwa mphatso imene yakhalitsa m'nkhokwe imafika itakalamba kale.

Zipatala nazo zingachitepo kanthu popanda ndalama zambiri. Makatoni a mafuta asakhale pamwamba pafupi ndi malata kapena pawindo. Oyamba kufika akhale oyamba kugawidwa. Pothira m'timabotolo tating'ono, timabotoloto tikhale toyera, touma, totseka bwino. Mufiriji ya katemera si malo ake, chifukwa kuzizira kwambiri n'kumene kumayambitsa timibulu. Chofunika ndi malo amthunzi amene kutentha kwake sikusinthasintha.

Pakhomo, botolo likhale m'chipinda chozizirirapo, pansi, lokulungidwa m'nsalu kapena m'mphika wadothi wopanda madzi, lotsekedwa mwamphamvu nthawi zonse. Mwana wopita nalo kusukulu aliike pakati pa mabuku m'chikwama, osati m'thumba la kunja lomwe limawombedwa ndi dzuwa. Msodzi asalisiye pamtetete m'bwato. Kudzola kukhale kokwanira, dzuwa lisanakwere, ndi kubwereza pakatha maola awiri alionse kapena akangotuluka m'madzi.

Mukamva timibulu m'mafuta a dzuwa, kapena mukaona kuti mafuta ayandama pamwamba, mtundu wasintha kapena fungo lasanduka, musawatenthetse pamoto kapena kuwaika padzuwa pofuna kuwakonza. Mungoswa mgwirizano wa madzi ndi mafuta n'kuwaonongeratu. Pitani nalo botololo kwa dokotala, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene anakupatsani, mumuonetse, ndipo mupemphe kuti alembe nambala ya gulu la katunduyo yomwe imakhala pansi kapena m'mbali mwa botolo. Uzaninso atsogoleri a APAM a m'dera lanu, chifukwa botolo limodzi likaonongeka, anzake a m'katoni yomweyo angakhale ataonongekanso. Podikira lina, mwana avale chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi buluku kapena siketi yofika kumapazi, ndipo kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo akhale pamthunzi.